Chidindo Chachinayi

A Twaibu, akuti ndibweretse umboni
woti munali mwamuna wanga.
Ana atatu onse anatenga mphuno yanu,
koma mphuno salowetsa mu envulopu.

Kampani ya ku Debeni yalemba kuti ndalama zanu zilipo,
zikudikira mkazi.
Mkazi wapapepala, wodindidwa,
osati uyu wa ku Khombedza
amene anasambitsa amayi anu mpaka tsiku lomaliza.

Ndinatsegula sutikesi ija.
Kalata ya shehe inali pansi pa malaya anu a ukwati,
chiswe chitadya ngodya imodzi
pamodzi ndi theka la chaka chimene tinakwatirana.
Shehe wakalamba, dzanja likunjenjemera,
anapumira mpweya pa chidindo chouma
n’kuchikanikiza ndi manja awiri.
Chimenecho choyamba.

Ku boma ndinafika dzuwa lisanapse,
ndinatuluka malata akulira ndi kutentha.
Kalaliki wa tayi yofiirira anaika mapepala awiri pamodzi,
chala chake chinaima.
“Apa palembedwa Twaibu. Pa pasipoti, Twayibu.
Mayi, awa ndi anthu awiri.”
Ndinati, bwana, ine ndinakwatiwa ndi mmodzi,
ndipo ndinaika m’manda mmodzi.
Sanaseke. Anati ndikalumbire.

Fotokope magetsi anazima.
Lachitatu majisitireti anapita ku maliro.
Lachinayi inki inatha.
Wakabaza anayamba kundidziwa dzina,
“Mayi Sakina, lero kukhoti kapena kwa Disi?”
Mbuzi ya mawanga ija, imene munkati tisadzagulitse,
inapita Loweruka pa msika
kuti chilembo chimodzi chikhululukidwe.

Ndinaimika dzanja pamaso pa munthu wosakudziwani,
n’kunena kuti inu ndinu inu.
Anadinda. Kalaliki uja naye anadinda.
Ndinayesa kwatha,
koma akuti zidindo za ku Salima
zimathera mphamvu pa chipata cha dziko.
Kukufunika china cha ku Lilongwe,
chochitira umboni zidindo zinzake.

Minibasi inakwera mapiri a Mvera ikutsokomola,
ine envulopu m’jumbo, jumbo pachifuwa,
kuopa thukuta langa lomwe
lingafufute ukwati wanga.

Kumeneko mtsikana wa zikhadabo zopaka
sanandiyang’ane kumaso.
Anatsegula buku lalikulu
kufananitsa siginecha ya majisitireti
ndi ina yosungidwa m’menemo.
Ankafufuza ngati iye ndi woona.
Za ine panalibe funso.
Pambali panga mnyamata wa ku Chipoka
atagwira satifiketi ya sukulu ngati dzira,
akuti akukaphunzira kunja.
Tinagawana chinangwa chootcha pa benchi,
iye wopita, ine wotsala.

Bwerani Lolemba, anatero.
Ndinagona pa mkeka kwa msuweni ku Mchesi.
Lolemba chinatera, chofiira, cholemera,
ndipo m’mphepete mwake chinaphimba
theka la dzina lanu.

Tsopano pepala lanyamuka.
Ladutsa msewu umene munabwerera m’bokosi,
lawoloka malire amene ine sindinawaonepo.
Lili ndi mboni zinayi.
Tsiku lija tinali ndi ziwiri zokha,
amalume anu ndi achimwene anga,
ndipo zinakwana.

Rashida akufunsa ngati ndalama zikabwera
tigulenso mbuzi.
Ndamuyankha kuti tiona.

Koma usiku, ana akagona,
ndimatulutsa fotokope imene ndinasunga
n’kuyatsa tochi ya foni.
Chilembo chija, a Twaibu,
munachitola kuti?
Munachoka pakhomo pano mulibe.
Ndani ankakuitanani nacho zaka zisanu ndi zitatu?
Kalaliki ananong’ona pondipatsa envulopu,
“Fulumirani mayi, nthawi zina amafika awiri.”
Ndalumbira kale pamaso pa boma
kuti munali munthu mmodzi.
Musandinamizitse.